Momwe mungayendetsere kalabu yothandiza anthu m'dera lanu ku Lilongwe

Magulu othandiza anthu amabadwa ambiri mumzinda uno, koma ofika chaka chachiwiri ndi owerengeka. Ndisanakhale mlembi wa kalabu yathu ya ku Kawale ndinadutsa m'magulu awiri, ndipo onse anatha ine ndikuona. Anthu ake anali amtima wabwino komanso olimbikira. M'gulu lachiwirilo, tsiku lina mayi wina wogulitsa tomato anaimirira n'kufunsa kuti, "Abambo apampando, pepani, kodi m'thumba mwathu mwatsala zingati?" Yankho linali lakuti msungichuma waiwala buku kunyumba. Sabata yotsatira bukulo linaiwalikanso. Pofika sabata yachitatu tinabwera anthu anayi okha. Mpaka lero sindikhulupirira kuti munthu uja anaba. Anali wosasamala basi, koma kukayikirana kukalowa m'gulu sikutulukanso. N'chifukwa chake malangizo anga akhalitsa pa zinthu ziwiri: msonkhano wa sabata ndi sabata, ndi buku la ndalama lokhala poyera.

Yambani ndi anthu oyandikana

Sonkhanitsani anthu 10 kapena 15 oti angathe kufika pamalo okumanirana wapansi. Munthu wa ku Area 25 akalowa kalabu yokumana ku Chilinde, abwera kawiri katatu, kenako ndalama ya minibasi imugonjetsa. Musatole anthu a mtundu umodzi. Mukufunika mphunzitsi wodziwa kulemba makalata, mayi wa pamsika wodziwa mitengo ya zinthu, mmisiri womanga nyumba, kalipentala, mnyamata wa kabaza wodziwa njira zonse za m'dera, ndi munthu wachikulire amene akalankhula anthu amakhala chete.

Pa tsiku loyamba lomwelo nenani mosapsatira mawu kuti muno mulibe alawansi, mulibe ngongole, ndipo si banki m'khonde. Ena achoka, asiyeni apite mwamtendere. Anthu ambiri anazolowera kuti kumene kuli gulu kuli envulopu, ndipo ndi bwino akhumudwe lero kusiyana ndi kudzakhumudwa ntchito ili mkati. Nsalu ndi zipewa za zipani zandale zitsale kunyumba. Khansala kapena phungu mutha kumuitana ngati mlendo, koma asakhale mwini kalabu.

Kenako pitani kwa amfumu kapena kwa mtsogoleri wa bloko yanu. Pitani anthu atatu, mutanyamula kalata yofotokoza kuti ndinu ndani, mumakumana kuti, ndipo mukufuna kuchita chiyani. Khansala wa wodi yanu alandirenso kalata yomweyo. Gulu likakhazikika mukalembetse ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya boma la Lilongwe ngati gulu la m'dera, lija amati CBO. Kalata ya kumeneko idzakuthandizani potsegula akaunti ku banki. Za kulembetsa ngati bungwe lalikulu ku NGORA ndi ku CONGOMA, maofesi oona za mabungwe omwe si aboma, zisakuvutitseni mutu panopa.

Malamulo anu akwane masamba awiri: maudindo, zopereka, chindapusa cha wochedwa, momwe ndalama zimatulukira, ndi kutalika kwa nthawi ya udindo. Awerengedwe mokweza m'Chichewa ndipo aliyense asayine.

Msonkhano wa sabata ndi sabata

Kusankha tsiku kukuoneka kophweka, koma ife kunatitengera masabata atatu. Lachisanu masana Asilamu ali kumzikiti. Loweruka a Seventh Day ali kutchalitchi, ena ali ku ukwati. Lamulungu m'mawa ndi mapemphero, masana ena ali kumphakati kapena kumlaga. Funsani aliyense, gwirizanani tsiku limodzi, ndipo musalisunthe pokhapokha m'dera muli maliro. Ife tinakhazikika pa Lamulungu 3 koloko masana, m'kalasi ya sukulu ya pulayimale yomwe aphunzitsi aakulu anatilola kugwiritsa ntchito. Timasesa tisanachoke.

Makalabu a Rotary, omwe anayambira ku Chicago mu 1905, amadziwika ndi mwambo wokumana sabata iliyonse, ndipo alipo kuno ku Lilongwe, monganso a Lions omwe anayamba mu 1917. Ife tilibe ndalama zokumanira kuhotela, koma mwambo umenewu ndi waulere ndipo tinautengera. Gulu lokumana kamodzi pamwezi, likaphonya msonkhano umodzi chifukwa cha mvula, ndiye kuti latha miyezi iwiri osaonana.

Msonkhano usapitirire ola limodzi. Yambani pa nthawi yake ngakhale mutakhala asanu. Pemphero lotsegulira lizizungulira, lero Mkhristu, sabata yamawa Msilamu. Mlembi aitane mayina ndi kuwerenga zomwe munagwirizana sabata yatha. Apa mlembi asamawerenge ngati nthano. Azifunsa kuti, "Achimwene, munati mukaonana ndi alangizi a zaumoyo. Munapita?" Ngati sanapite, anene tsiku lomwe apite, lilembedwe. Mfundo iliyonse yogwirizana ikhale ndi dzina la munthu ndi tsiku. Mawu akuti "tikaona" ndi "wina apite" asalowe m'buku.

Zikatero msungichuma aime, anene ndalama zomwe zinalipo sabata yatha, zomwe zalowa, zomwe zatuluka, ndi zotsala. Azilembe pa bolodi ndi choko. Ngakhale sipanalowe kapena kutuluka tambala, anenebe. Zimatenga mphindi zitatu zokha. Pomaliza mukambirane ntchito yomwe ili m'manja, imodzi yokha, ndipo mutseke.

Gulu la pa WhatsApp ndi lothandiza pokumbutsana, koma zigamulo zisamapangidwe pamenepo. Pali mamembala omwe alibe foni ya intaneti, ndipo ena amakhala masiku opanda bandulo. Akadzamva kuti nkhani inatha pa foni, amadziona ngati alendo m'gulu lawo lomwe.

Buku la ndalama

Gulani buku la chikuto cholimba ndipo mulembe manambala pa masamba onse lisanayambe kugwira ntchito, kuti tsamba likang'ambidwa zidziwike. Gulaninso buku la malisiti lokhala ndi kaboni. Aliyense wopereka, kaya K500 kaya K50,000, alandire lisiti. Zogula pamsika zomwe zilibe lisiti, monga matsache kapena nkhuni, ogula azipita awiri, alembe papepala mtengo wake, onse asayine.

Ntchito ya ndalama igawidwe patatu. Msungichuma amasunga ndalama, mlembi amasunga buku, ndipo membala wina wosakhala mu komiti amayerekeza ziwirizi kumapeto kwa mwezi. Atatuwa asakhale apachibale kapena a nyumba imodzi. Mukatsegula akaunti ku banki, osayinira akhale atatu, ndipo ndalama izituluka pakasayina awiri. Ngati mukulandira zopereka pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, pakhale nambala yapadera ya za kalabu zokha, osati yomwe msungichuma amaguliranso ndiwo ndi magetsi. Mauthenga ake asafufutidwe, ndipo ndalama yomwe imadulidwa potapa ilembedwe ngati yotuluka. Tindalama timeneti tikapanda kulembedwa, pakutha pa chaka buku silikwana, ndipo munthu wosalakwa amatchedwa wakuba.

Lamulo lovuta kulisunga ndi ili: ndalama za kalabu sizibwerekedwa, ngakhale kwa wapampando, ngakhale mwana wake ali m'chipatala. Zimapweteka kukaniza mnzako amene umadya naye. Njira yomwe tinapeza ndi kukhala ndi kathumba kena ka chipepeso ndi matenda, komwe aliyense amaponyamo pang'ono, kolembedwa kumapeto kwa buku lomwelo. Vuto likagwera membala timatapa mmenemo ndi kuwonjezera za m'matumba mwathu, ndipo thumba la ntchito silikhudzidwa.

Musasunge ndalama nthawi yaitali. Mu Novembala 2023 Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Ife tinali titasonkhanitsa ndalama za simenti yokonzera pansi pa kalasi ya sukulu ya mkombaphala, n'kumadikira kuti zikwane zonse kaye. Titapita kukagula, ndalamazo sizinathenso kugula matumba omwe tinawerengera. Kuyambira pamenepo, zikakwana za matumba awiri timagula awiriwo n'kusungitsa pamalo ouma, bola ntchito iyambe msanga simenti isanaume. Malata, misomali ndi matabwa ndiye sizivuta kusunga.

Kupeza ndalama

Maziko ndi zopereka za mamembala eni. Ikani mlingo woti mayi wogulitsa mandasi angakwanitse sabata iliyonse osadandaula. Wotha kupereka zambiri apereke, koma mawu ake pamsonkhano akhale ofanana ndi a wina aliyense. Musapite kukapempha kunja musanasonkhe nokha. Mwini golosale akafunsa kuti "inuyo mwaikapo zingati?" muzikhala ndi yankho.

Yang'anani kalendala. Kuyambira Januwale mpaka Malichi anthu ali pa fizi, chimanga chakwera mtengo, ndipo achibale akumudzi akuimba foni. Imeneyo si nthawi ya sonkhasonkha. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, anthu atakolola, fodya akugulitsidwa ku Kanengo, ndalama zikuyenda m'tauni. Mkati mwa mwezi, sankhani Loweruka loyandikira malipiro.

Musanachite chochitika chilichonse, lembani ndalama zomwe chidye. Tinaphunzira izi mowawa. Tinakonza madyerero a madzulo, tinalipira holo, zokuzira mawu, mipando, ndi mafuta a jenereta poopa kuti magetsi azima. Tinaphika mpunga ndi nkhuku za anthu ochuluka. Mlendo wolemekezeka anatumiza uthenga wopepesa mwambo utayamba kale, ndipo ambiri mwa omwe anatenga matikiti anati adzalipira kumapeto kwa mwezi. Titawerengera, phindu lake silinafike ngakhale pa zomwe amayi atatu anapeza Loweruka lina pogulitsa thobwa ndi zitumbuwa pabwalo la mpira. Ngati zolowa zikudalira munthu mmodzi wolemera, chochitikacho chisiyeni. Tikiti isachoke m'manja ndalama isanalowe.

Zomwe zatipindulira ndi zing'onozing'ono. Kugulitsa zakudya pa mpira wa m'dera. Kutolera zovala ndi nsapato zabwinobwino kwa mamembala ndi anzawo n'kuzigulitsa ngati kaunjika. Kutsuka magalimoto pabwalo la tchalitchi, mutagwirizana ndi eni malo za bilu ya madzi. Ulendo wa ndawala nawo umabweretsa ndalama, koma dziwitsani a DC ndi apolisi mwa kalata nthawi ikadalipo, pemphani apolisi a pamsewu akuperekezeni, ndipo ana asayende m'mphepete mwa msewu waukulu atanyamula mbale. Mafomu otolera ndalama akhale ndi manambala ndi chidindo cha kalabu, ndipo onse abwerere, ngakhale opanda kanthu.

Kwa amalonda, pemphani katundu m'malo mwa ndalama. Mwini hadiweya savutika kupereka malata awiri kapena chitini cha penti monga momwe amavutikira kutulutsa ndalama m'kabati. Kalata inene chinthu chenicheni: malata angati, a kalasi iti, ntchito idzachitika liti. Ikatha ntchito, bwererani ndi kalata yothokoza ndi chithunzi cha denga. Ambiri amaiwala sitepe imeneyi, ndipo chaka chamawa amapeza chitseko chotseka.

Ndalama za tsiku la chochitika ziwerengedwe pomwepo, patebulo, anthu akuona, ndipo chiwerengero chilengezedwe aliyense asanapite kwawo. Zisagone m'chikwama cha munthu zisanawerengedwe.

Kusankha ntchito

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Musanasankhe chochita, funsani eni vuto. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, uja timati HSA, amadziwa nyumba zomwe zilibe zimbudzi ndi zitsime zomwe madzi ake ndi okayikitsa. Aphunzitsi aakulu amadziwa ngati chosowa ndi madesiki kapena chitseko cha chimbudzi cha atsikana. Amayi osamalira ana kusukulu ya mkombaphala akhoza kukuuzani kuti zidole sakuzifuna, akufuna ufa wa Likuni Phala, shuga ndi nkhuni.

Sankhani ntchito imodzi yoti muimalize m'miyezi itatu ndi ndalama zomwe muli nazo kapena zomwe mukuziona. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Maziko a nyumba osiyidwa panjira amanyozetsa gulu kuposa kusayamba kumene.

Nyengo nayo imakuuzani chochita. Juni ndi Julayi kumazizira, ndipo agogo okhala okha amafuna mabulangete. Seputembala sukulu zikutsegulira, makope ndi mayunifolomu. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Pamitengopa, dzalani yochepa yoti muisamale. Mbande 50 zokhala ndi mwini aliyense, zotchingidwa ndi njerwa kapena minga kuti mbuzi zisadye, zimaposa mbande 1,000 zodzalidwa pamaso pa kamera. Sakanizani mitengo ya mthunzi monga mtangatanga ndi m'bawa ndi ya zipatso monga mango ndi magwafa, chifukwa wa zipatso anthu amauthirira okha. Dzalani mu Januwale nthaka itanyowa bwino, osati mu Epulo mvula ikutsanzika.

Ntchito ina yosafuna ndalama ndi kupereka magazi. A Malawi Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana asukulu, choncho sukulu zikatsekera magazi amachepa, pamene nyengo ya mvula malungo amachulutsa ana ofuna magazi. Munthu wathanzi wa zaka 16 mpaka 65 atha kupereka, akamuyeza n'kumupeza woyenera. Lankhulani ndi ofesi yawo ya ku Lilongwe, gwirizanani tsiku, inu mupeze malo ndi anthu. Musakakamize aliyense, ndipo wobwezedwa asafunsidwe chifukwa chake.

Tsiku la ngalande

Ntchito yomwe ndimaikonda, komanso yomwe imalakwika kawirikawiri, ndi yotsegula ngalande. Ichitike mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe. Aliyense wokhala ku Kawale, ku Mchesi, ku Biwi kapena ku Mtandire amadziwa momwe madzi amalowera m'nyumba ngalande zikatsekeka ndi majumbo, mabotolo ndi matewera. Tikukumbukiranso kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo inachedwetsa kutsegulira kwa sukulu za mumzinda uno mu Januwale 2023. Mu Novembala 2020 Lazarus Chakwera, yemwe anali Pulezidenti pa nthawiyo, anakhazikitsa ku Chinsapo tsiku losesa la dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Ngati tsikuli likusungidwabe, mutha kutsamirapo popempha chilolezo ndi thandizo, ngakhale ntchito yanu mutaiika Loweruka m'mawa.

Kutatsala masabata awiri, yendani m'ngalandemo anthu atatu n'kusankha chigawo choti chithe m'maola atatu. Yambirani kumunsi komwe madzi amatulukira, n'kumakwera. Mukayambira kumtunda, mvula ikagwa ntchito isanathe, madzi onse akaunjikana pakhomo la munthu wa kumunsi.

Funso lalikulu ndi lakuti zinyalala zikatuluka m'ngalande zipita kuti. Ulendo wathu woyamba tinazifukula bwinobwino n'kuziunjika m'mphepete mwa msewu, poganiza kuti galimoto ipezeka. Sinapezeke. Patatha masiku anayi kunagwa chimvula, ndipo milu yonse inabwerera m'ngalande momwe inachokera. Agogo ena a pafupi anandiyitana n'kundiuza kuti, "Mwanangu, mwagwira ntchito, koma mwangosuntha matope." Ndiye musanagwire fosholo, pitani ku khonsolo ya mzinda mukapemphe galimoto kapena bini yaikulu, ndipo mugwirizane tsiku. Ngati sizikutheka, ikani mu bajeti ndalama ya lole yaing'ono yokataya kumtaya wa khonsolo tsiku lomwelo. Mapulasitiki musawatenthe pakati pa nyumba za anthu.

Zida bwerekani kwa mamembala ndi oyandikana nawo: mawilibala, mafosholo, makasu, matsache, matumba akale a feteleza. Chilichonse chilembedwe dzina la mwini, ndipo pakhale munthu mmodzi wolandira ndi kubweza. Fosholo imodzi ikasowa, chaka chamawa palibe adzakubwerekeni. Chomwe muyenera kugula ndi magolovesi olimba, sopo ndi klorini. Wolowa m'ngalande avale jombo, chifukwa mumakhala magalasi osweka ndi misomali. Ana asalowemo. Atha kutunga madzi osamba m'manja ndi kugwira matumba.

Yambani 6 koloko m'mawa, dzuwa la Okutobala lisanapse. Gawani anthu m'timagulu ta anayi: awiri ofukula, mmodzi wa wilibala, mmodzi wosesa. Pakhale ndowa ya madzi akumwa, ndowa ina ya madzi osamba m'manja ndi sopo, ndi kabokosi ka mabandeji. Wovulala ndi chitsulo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Eni nyumba ndi eni mashopu a m'mbali mwa ngalandeyo auzidwe dzulo lake, mwaulemu, kuti atuluke adzathandize pakhomo pawo. Ena adzangoima n'kumaonerera, ena adzafunsa kuti akulipirani zingati. Ayankheni mofatsa. Chaka chachiwiri ena mwa iwo ndi omwe anatibweretsera thobwa.

Pokaona odwala ndi okalamba

Mukafuna kukacheza ku Kamuzu Central kapena ku Bwaila, lembani kalata kwa akuluakulu a chipatala kaye, ndipo funsani anamwino chomwe chikusowa. Musaiwale odikirira odwala, omwe amachokera kutali ndipo amatha masabata akuphika panja. Sopo, shuga, ufa ndi zitenje zimawathandiza kwambiri. Lowani ochepa, musatseke njira ya anamwino, ndipo nyimbo zikhale zapansipansi.

Za zithunzi ndilankhule molimba. Munthu wodwala kapena wosauka si chikwangwani cha kalabu yanu. Musajambule nkhope ya wodwala, ya mwana wamasiye kapena ya gogo akulandira bulangete n'kuiponya pa Facebook. Jambulani katundu, jambulani mamembala akunyamula, jambulani denga lomwe mwakhoma. Ngati mwini wake wavomera atamvetsa komwe chithunzicho chipite, apo zili bwino. Pa mwana, avomereze ndi kholo kapena womulera.

Ntchito ikatha

Pamsonkhano wotsatira, wotsogolera ntchitoyo anene zomwe zinagulidwa, zomwe zatsala, ndi zomwe zinalakwika. Mlembi alembe lipoti la tsamba limodzi. Kope imodzi ipite kwa amfumu, ina kwa khansala, ina kwa aliyense amene anapereka kanthu, ina imatidwe pamalo okumanirana. Patatha mwezi, anthu awiri abwerere kukaona ngati ngalande ikuyendabe, ngati mbande zili moyo, ngati chitseko chija chikutsekeka.

Chisankho chichitike chaka ndi chaka pa tsiku lodziwika, ndipo munthu asakhale pa udindo umodzi koposa maulendo awiri, ngakhale akhale wabwino chotani. Achinyamata apatsidwe maudindo enieni, asamangotumidwa kunyamula mabenchi. Pa tsiku losinthana maudindo, mlembi abweretse buku, msungichuma wakale abweretse malisiti onse, sitetimenti ya ku banki, foni ya kalabu ndi ndalama zotsala. Ziwerengedwe patebulo. Msungichuma wakale ndi watsopano asayine pansi pa chiwerengero chomaliza, mboni ziwiri zisayinenso, ndipo sabata yomweyo mupite ku banki kukasintha mayina a osayinira, komanso musinthe nambala yachinsinsi ya pa foni ija.